M'bawa wa Lines

"Nkhwangwa imeneyo ikatuluka pakhomo pano, bambo a Lines, musadzabwere nayonso."

Ndinamva mawuwo ndili kuseri kwa nyumba yanga, ndikusenda chinangwa choti ndiyanike makaka. Nyumba yanga ndi ya mng'ono wanga Eufemia zinangolekana ndi mzere wa nandolo, ndiye kwathu kuno chinsinsi ndi chokhacho chimene sunanene. Koma chomwe chinandiimitsa mpeni si ukali wake, ukaliwo ndi wa kumtundu. Linali dzinalo. Kwa zaka zisanu ndi zitatu mudzi wonse unkawaitana alamu anga a Nasoni kuti bambo a Marcia, potengera mwana wotsalayo. Eufemia akatulutsa dzina la Lines, ndiye kuti zafika pamwana wakana phala. Ndinasiya chinangwa n'kudumpha nandolo uja.

Ndinawapeza alamu atakhala pachitsa, akunola nkhwangwa pamwala, osakweza mutu. Atandiona anati bola kwabwera munthu wamkulu, mwina ine ndimva. Anayamba kundifotokozera zinthu zoti ndikuzidziwa kale, monga amachitira amuna akafuna kuti uwavomereze. Akuti buloko ya Sitandade 1 ndi 2 inasasuka denga ndi mphepo ya mu Januwale, khoma n'kugwa, ndipo tiana tikuphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Akuti a bungwe lina alonjeza simenti ndi malata, bola anthu apereke njerwa zootcha mvula isanayambe. Njerwa midzi itatu inaumba, zauma, zikungodikira moto. Nkhuni kuphiri alonda akugwira. Ndiye komiti ya sukulu, imene iwo anali wapampando wake, inagwirizana zodula mibawa ya m'mbali mwa mtsinje wa Namirowe.

Mibawa imeneyo si mitengo wamba. Chaka cha madzi chija, Namirowe anatsika kuchokera kuphiri masana, ana akuweruka kusukulu, n'kutenga asanu panjira ya m'mbali mwa mtsinje. Atatu anapezeka, anaikidwa. Awiri sanapezeke mpaka lero, ngakhale amuna anatsata mtsinje masiku anayi mpaka ku Thuchila. Awiriwo ndi Lines, mwana woyamba wa Eufemia, ndi Simon wanga, mwana mmodzi yekha amene Mulungu anandipatsa. Chaka chotsatira aphunzitsi ndi ana anabzala mzere wa mibawa m'mbali mwa njirayo kuti igwire dothi, kalasi iliyonse n'kumasamala chigawo chake. Pa mitengo isanu anamangirirapo tizidutswa ta lata, dzina la mwana ataliboola ndi msomali. Anzathu atatu aja ali ndi mitumbira yokasesa. Ine ndi Eufemia tinali ndi mitengo iwiri yoyandikana, basi.

"Mitengo ndi ya sukulu, njerwa ndi za sukulu," anatero alamu. "Ine ndaba chiyani?"

"Kumanda sadula mtengo," anatero Eufemia.

"Manda ake ati? Pamenepo panagona ndani? Anakumba ndani?"

Mawu amenewo anawanena bambo wa mwanayo, ndi pakamwa pawo, dzuwa likuswa mtengo. Eufemia analowa m'nyumba. Ine pakamwa panga sipachedwa, aliyense amadziwa, koma tsiku limenelo ndinangowayang'ana alamuwo mpaka anasiya kunola.

Sindikufuna kuwanamizira kuti ndi munthu woipa. A Nasoni anabwera m'mudzi mwathu kuchokera cha ku Muloza zaka makumi awiri zapitazo, kudzakhala chikamwini monga mwa mwambo wathu. Samwa, samenya, ntchito yothyola tiyi sajomba. Koma m'zaka zonsezo sanabzalepo mtengo pakhomo, ngakhale papaya. Ukawafunsa ankaseka, n'kumati mkamwini sabzala mtengo, chifukwa tsiku lomwe udzabereke angakhale atamuikira kale bulangete panja. Munda ndi wa mkazi, nyumba ili pa dothi la mkazi, ana ndi a kwa mkazi. Upampando wa komiti ndi chinthu choyamba chomwe anachitcha chawo m'mudzi muno, ndipo ankafuna kuti anthu adzaloze buloko ija n'kumati anamangitsa ndi a Nasoni. Zimenezo ndinkazimvetsa, kungoti kumvetsa sikuthetsa mkwiyo.

Madzulo ake Marcia naye anayesa. Mtsikanayo ali Sitandade 7, ndipo ali m'gulu la ana amene amasamala mitengo ndi kuyang'anira mtsinje, motsogoleredwa ndi aphunzitsi a Bonface. Anawauza bambo ake mwaulemu, atagwada, kuti aphunzitsi amati mizu ya mibawa ija inalukana pansi, ndipo ndi imene yagwira njira zaka zonsezi. Anatinso nkhuti zimene anthu anakumbamo dothi la njerwa zili pafupi kwambiri ndi gombe. Bambo ake anamuuza kuti anamutumiza kusukulu kukaphunzira, osati kudzawaphunzitsa iwo, ndipo apite akatsuke mbale.

Loweruka kunali msonkhano wa makolo pabwalo la sukulu. A Bonface analankhula bwino, mwina bwino kwambiri. Anapempha kuti komiti ilembere a bungwe aja kuti adikire mpaka chilimwe chinacho, kapena athandize ndi njerwa za simenti zosafuna moto. Anati madzi saiwala khwawa. Bambo wina kumbuyo anayankha kuti aphunzitsi ndi alendo, mawa awasamutsira ku Boma, koma ana onyowa ndi athu. Anthu anawomba m'manja. Mayi wina wa kamwana ka Sitandade 1 anaimirira n'kunena kuti kake kanadwala chibayo chaka chomwechino chifukwa chophunzirira pamtetete, ndipo iye sangasunge mtengo n'kutaya mwana wamoyo. Mayiyo sankanama. Nditaimirira kuti nditchule za Simon, ndinangoyamba kulira ngati chitsiru. Wina anandikoka chitenje kuti achemwali khalani pansi. A Nasoni anatseka nkhani ndi mawu akuti walira mvula walira matope, ndipo anthu anabalalika.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, alamu anafika pakhomo nkhope ili ngwee, ngati munthu amene watola nzeru panjira. Tinali pamkeka ine ndi Eufemia, tikusola nandolo. Anati nkhani ija aikonza. Apita kumtsinje, amangirira kansanza koyera pa m'bawa wa Lines, ndipo awauza odula kuti umenewo asaukhudze.

Eufemia anafunsa kuti nanga wa Simon.

"Ndikasiya iwiri, ena atatu aja abwera, ndikasiya isanu uvuni supsa," anatero. "Komanso wa Simon ndi umene uli waukulu pa yonse. Ndayesetsa, mayi a Marcia. Wanu ndausunga."

Ndinamuyang'ana mng'ono wanga. Ndinkadikira kuti awauze kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, kuti ana awiriwo anayamwa mabere osinthana, kuti madzi anawatenga atagwirana manja. Eufemia anayang'ana m'lichero. Anatola kambewu kamodzi kofumbwa n'kukataya, kenako kena. Sananene kanthu. Ndinadzuka, ndinakutumula chitenje changa, ndinapita kwanga. Lolemba m'mawa nkhwangwa ija inatuluka pakhomo, ndipo madzulo inabwerera, palibe anaibweza.

Tsiku lodulalo sindinapite. Ndinakhala m'nyumba chitseko chili chotseka, koma Namirowe sali kutali, ndipo mtengo ukamagwa umamveka. Ndinayesa kuwerenga kuti ndidziwe wa mwana wanga ukagwa, ndinasokonezeka pakati. Mawa lake nditapita ndinapeza zitsa zokhazokha, zikutuluka utomoni wofiirira, ndi m'bawa umodzi uli chilili ndi kansanza kake. Ndinafunsa odula aja za kachidutswa ka lata kaja ka dzina la Simon. Wina anati mwina kagwera m'madzi, wina anati kapita ndi chipika. Anandiyankha ngati ndikufunsa za chivindikiro cha botolo.

Kuyambira tsiku limenelo ine ndi Eufemia tinasiya kulankhulana. Tinkakumana kumjigo, iye n'kuyang'ana uko, ine uku. Anatumiza Marcia ndi mbale ya kalongonda, ndinaibweza osavundukula. Ndinkamuda, ndinene zoona. Alamu anali mlendo, koma uyu tinatuluka m'mimba imodzi.

Zipika zinauma milungu iwiri padzuwa la Novembala. Uvuni anaupanga pamtunda, pafupi ndi bwalo la mpira, waukulu ngati nyumba, wa makomo asanu ndi atatu. Atayatsa, utsi unakuta mudzi wonse, ndipo ndinkaupuma m'nyumba mwanga momwe. Tsiku lachiwiri nkhuni zinayamba kuchepa njerwa za pamwamba zisanafiire. Aliyense amene anaotchapo njerwa amadziwa kuti moto ukazima pakati, ntchito yonse yapita m'madzi. Ndiye alamu analamula kuti anthu atenge makasu ndi mapiki akazule zitsa. Anazula zonse, mizu yomwe, n'kusiya mzere wa maenje m'mbali mwa njira. A Bonface anathamangira komweko ali ndi choko m'manja, anawapempha kuti zitsa zokhazo azisiye, koma anthu anali atapsa kale mtima ndi utsi ndi kutopa. Njerwa zinapsa bwino, zofiira, zolira ukazigogoda. A Nasoni ankayenda m'mudzi ndi njerwa imodzi m'manja, kuonetsa aliyense.

Mvula yoyamba inabwera yabwinobwino, anthu anabzala. Yachiwiri inagwa Lachitatu la mlungu woyamba wa Disembala, ndipo siinayambire kwathu. Kwathu kunangochita mdima, phiri osaoneka, kenako cha m'ma leveni tinamva phokoso lija. Amene analimvapo kamodzi saliiwala. Ndinali kumunda, ndinataya khasu. Sindikudziwa kuti ndinkathamangira ndani, ine wopanda mwana kusukulu, koma ndinathamanga. Panjira ndinapezana ndi Eufemia, wopanda mpango, akuitana Marcia.

Tisanafike tinamva chitsulo cha kusukulu chikulira mosalekeza. Ana a gulu la a Bonface ali ndi mtengo wopaka utoto umene anazika m'mphepete mwa madzi, ndipo madzi akafika pofiira amaimba chitsulo, ana onse n'kulowa m'makalasi, palibe wopita kwawo. Tsiku limenelo anachita zomwezo. Tiana ta pansi pa mango anatilowetsa m'kalasi ya akuluakulu. Panjira panalibe mwana ndi mmodzi yemwe, ndipo pa chimenecho ndidzawathokoza aphunzitsi amenewo mpaka kufa.

Tinaima pachulu, amayi ambirimbiri, mvula ikutimenya. Namirowe anali wofiira, atasenza nthochi, nsungwi ndi miyala. Chaka chatha ndi zaka zam'mbuyo madzi ankafika pomwepo, n'kugunda mibawa, n'kubwerera. Ulendo uno analowa m'maenje a zitsa aja, limodzi limodzi, n'kudutsa pansi pa njira kukakumana ndi madzi a m'nkhuti. Njira inayamba kugumuka zibuma zibuma, tikuona. Posakhalitsa m'bawa wa Lines unatsala pakachilumba kosakwana mkeka, madzi mbali zonse.

Unalimba, ndisaname. Unaima mwina ola lathunthu, ukugwedezeka. A Nasoni anali atafika kuchokera kumunda wa tiyi, dengu likadali kumsana, ataima paokha kutsogolo kwathu. Kenako mtengo unapendekeka pang'onopang'ono, mizu inatuluka m'mwamba, ndipo madzi anautenga. Kansanza koyera kanaoneka kawiri, osaonekanso.

Eufemia sanakuwe. Anakhala pansi m'matope, ndipo ndinapezeka kuti ndamugwira mutu pachifuwa panga, sindikudziwa kuti ndinayamba liti. Mkwiyo wa milungu itatu unangosungunuka, munatsala chisoni chokhachokha. Alamu atatembenuka kuti abwere pomwe tinali, Eufemia anadzutsa mutu.

"Madzi amutenga kawiri, bambo a Lines. Ulendo woyamba sindinadziwe womufunsa. Uno ndikumudziwa."

Alamu anavula dengu lija, analiika pansi bwinobwino, n'kuyamba kutsika motsata mtsinje. Palibe anawaitana. Ana anabwera madzulo mvula itakata, aphunzitsi atawaperekeza kudzera kumsewu waukulu, ulendo wa maola awiri m'malo mwa mphindi makumi awiri. Njira ya m'mbali mwa mtsinje kunalibenso. Uvuni wokha unali chiimire pamtunda, osagumuka ngakhale njerwa imodzi.

Alamu anabwera mawa lake dzuwa litapendeka, matope mpaka m'chiuno, phazi limodzi lopanda nsapato. Anatipeza pakhonde la Eufemia, pomwe ndinagona. Anati anaupeza mtengowo utakodwa pamlatho cha ku Thuchila, anthu a kumeneko atayamba kale kusadza nthambi kuti akapeze nkhuni. Sanalimbane nawo, anangopempha chinthu chimodzi. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kachidutswa ka lata ka dzina la Lines kaja, kopindika, waya wake ulipobe. Anagwada, munthu wamkulu, pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake.

"Ulendo uja ndinabwera chimanjamanja," anatero. "Uno ndamupeza."

Ndinaona dzanja la Eufemia likunyamuka lokha. Linafika pakati, linaima, linabwerera pamwendo.

"Mwanayu sanapite yekha," anatero. "Anali ndi mbale wake. Ine ndinakhala chete tsiku lija, ndinalakwa, sindikhalanso chete. Musandibweretsere mmodzi."

Alamu anadzuka, anakaika kachidutswako pawindo n'kutuluka.

Masiku atatu otsatira aliyense wopita kusukulu ankawaona. Kuntchito sanapite. Ankagwada pakhomo la uvuni, n'kumakokolola phulusa lonyowa ndi manja, kulisefa pa lichero lakale, akatha apo n'kupita khomo lina. Ena ankati a Nasoni mutu wazungulira. Amene ankawomba m'manja pamsonkhano paja ndi amene ankaseka kwambiri, ndipo ankadandaula kuti ana awo tsopano akuyenda ulendo wautali, ngati nkhwangwa ankagwira munthu mmodzi. Ine sindinaseke, komanso sindinawamvere chisoni msanga. Ndinkafuna afufuze, amve m'mene zimakhalira.

Tsiku lachitatu masana ndinapita komweko. Ndinawapeza pakhomo lomaliza, ali mbuu ngati chinyau, zala zikutuluka magazi. Pambali anali ataunjika timisomali, tiwaya ndi chigamba cha khasu, zonse zimene moto unakana. Atandiona anasiya kusefa.

"Alamu," anatero, "sindinamupeze."

Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira, ena oti sangatchulidwe pagulu. Koma nditayang'ana uvuniwo, njerwa zofiira mizere mizere kufika pamwamba, mawu onse aja anachoka. Ndinayandikira n'kugwira njerwa imodzi. Inali yofunda ndi dzuwa. Kumbuyo kwake, pansi pa mango, tiana ta Sitandade 1 tinkaimba a e i o u, ena atakhala pamiyala poopa matope.

"Lisiyeni phulusalo," ndinatero. "Mukumufuna polakwika. Mtengo wake ndi umene unapsereza njerwazi, ndiye mwana wanga ali m'menemu. Munandifunsa kuti manda ake ati, anakumba ndani. Mwakumba ndinu. Tsono mumange mowongoka, njerwa ngakhale imodzi isapite kukhitchini kwa munthu, tianato tilowemo tisanyowe."

Anavomera ndi mutu, misozi ikulemba mizere m'phulusa la kumaso.

"Sindinathe," ndinatero. "Mukamaliza mubzale mitengo, kuyambira pakhoma mpaka kumtsinje, ndi manja anu omwewo. Zoti mkamwini sabzala musadzandiuzenso. Manda opanda mitengo munawaona kuti?"

Ndinawasiya pomwepo n'kubwerera kudzera kumsewu waukulu, maola awiri, chifukwa njira ina kunalibe.